Panjinga yamoto kuchoka kumphanga za Chongoni mpaka ku Mangochi

Kale njinga yamoto idali ya mlangizi wa zaulimi, wansembe wa kumishoni ndi mkulu woyendera sukulu. Ikangomveka kulira m'mudzi, ana ankasiya phada n'kuthamangira kumsewu kukaionera. Lero palibe amacheuka. Kuyambira m'zaka za m'ma 2010 njinga zotsika mtengo zochokera maiko a kunja zidasefukira m'dziko muno, moti pa Lizulu, pa Bembeke, pa Golomoti kapena pa Mtakataka, minibasi ikamaima anyamata a kabaza amakhala ataizinga kale.

Njingazi zimasenza chilichonse: matumba a kachewere, mbuzi, malata, mayi wodwala, nthawi zina ngakhale bokosi la maliro. Yemwe sizimunyamula kawirikawiri ndi munthu wongopita kukaona malo. Komatu pakati pa Dedza ndi Mangochi pali malo a mbiri yakale omwe alendo amalipira ndege kuchoka ku Ulaya kudzawaona, pomwe eni nthaka amawalambalala tsiku ndi tsiku osadziwa chomwe chili kuseri kwa phiri.

Chifukwa china n'chakuti ambiri mwa malowa sali m'mbali mwa tara. Minibasi siifikako, ndipo kuchita hayala galimoto n'kwa anthu a m'thumba molemera. Njinga yamoto ndiyo imalowa ponseponse, ndipo yaing'ono ya 125cc kapena 150cc, yomwe ili bwino, imayenda makilomita opitirira 30 pa lita imodzi ya petulo. Ndi masiku atatu, bambo ndi mwana wake wamkulu, kapena abwenzi angapo aliyense pa yake, akhoza kuchoka pamwamba pa mapiri a Dedza, kutsikira kunyanja n'kukathera pamlatho wa Shire ataona ndi maso zomwe ana amangoloweza m'kalasi.

Kumphanga za Akafula

Ulendowu umayambira kumpoto kwa tauni ya Dedza, komwe misewu yafumbi imapatuka mumsewu wa M1 kulowa m'nkhalango ya Chongoni ndi m'mapiri oyandikana nayo. M'deralo, lomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita 126, muli malo 127 omwe anthu akale adajambula zithunzi pamiyala. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika Chongoni pamndandanda wa malo omwe ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Dziko la Malawi lidayamba kale kuteteza mwalamulo zina mwa mphangazi m'chaka cha 1969.

Malo omwe alendo amakonda kufikako ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Chentcherere ndiye wosavuta, chifukwa sali kutali ndi sukulu ya zankhalango ya Malawi College of Forestry and Wildlife. Kumeneku katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba pansi pa mphanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndipo adapeza zida za miyala ndi mafupa a nyama zomwe alenje akale ankadya.

Wofika pamphanga koyamba amaona ngati palibe chilichonse, mwala chabe wothimbirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Maso akazolowera mthunzi, pamayamba kuoneka mitundu iwiri ya zojambula.

Zofiira ndizo zakale kwambiri. Ndi mizere, tizingelere, timadontho ndi zina zooneka ngati makwerero. Akatswiri amati izi zidajambulidwa ndi Abatwa, alenje aafupi msinkhu omwe Achewa adawapeza m'dziko muno, omwe agogo amawatchula m'nthano kuti Akafula kapena Amwandionerapati. Anthuwa adatha, ena kuphedwa, ena kukwatirana ndi alimi obwerawo, ndipo chilankhulo chawo chidapita nawo limodzi. Mizere yofiirayi ndi imodzi mwa zinthu zochepa zomwe adatisiyira ndi manja awo.

Zoyera ndi za Achewa, ndipo zidapakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zambiri zimaoneka ngati chikopa cha nyama chomwe achitambasula kuti chiume, miyendo uku ndi uku. Ku Mphunzi kuli chachikulu chooneka ngati buluzi kapena nanzikambe. Ofufuza adapeza kuti zithunzi zotere zinkagwirizana ndi chinamwali cha atsikana: anamkungwi ankazigwiritsa ntchito polangiza anamwali kutali ndi maso a amuna. Ndiye kuti mbali yaikulu ya chuma chomwe dziko lapansi likuchilemekezachi ndi ntchito ya amayi, chinthu chomwe mabuku a sukulu satsindika mokwanira.

Namzeze ndi wosiyana. Kumeneko njinga imasiyidwa m'munsi, munthu n'kukwera wapansi. Pamwala pali zilombo za gule wamkulu monga kasiyamaliro, komanso china chooneka ngati galimoto, umboni woti ojambulawo adali ndi moyo m'zaka za m'ma 1900. Akatswiri amafotokoza kuti zithunzi za nyauzi zidajambulidwa panthawi yomwe gule adapanikizidwa, poyamba ndi Angoni, kenaka ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Mwambo utasowa mpata pabwalo, udathawira kumphanga.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zomwe zidapirira dzuwa ndi mvula kwa zaka mazanamazana zikugonja m'manja mwa anthu a lero. Pamphanga zina, makamaka zosavuta kufikako, achinyamata adalemba maina awo ndi makala kapena choko pamwamba penipeni pa zojambula. Moto wa osaka mbewu ndi wa abusa owotha m'mphanga umadetsa mwala ndi mwaye. Mitengo yomwe inkatchinga dzuwa ndi mphepo ikuthera kumakala. Palinso chizolowezi chothira madzi pachithunzi kuti chiwale pojambula ndi foni, chomwe chimafulumizitsa kufufutika kwa utoto. Chithunzi chotere chikapita, chapita. Palibe mmisiri angachibwezeretse.

N'chifukwa chake njinga yomweyi, yomwe ikufupikitsa mtunda wopita kumalowa, ikhoza kukhala mdalitso kapena tsoka. Wofika ayambe waonekera kwa anyakwawa kapena kwa olondera malowo, atenge munthu wa m'deralo womulondolera njira, ndipo manja akhale m'thumba. Ena mwa malowa anthu a m'midzi yozungulira amawalemekezabe pa miyambo yawo, choncho si paliponse pomwe mlendo angangolowa ngati pamsika.

Kutsetsereka Khwekhwerere

Kuchoka ku Chongoni njira imabwerera ku Dedza, tauni yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. M'miyezi ya June ndi July m'mawa kumeneku kumazizira mpaka zala kuuma pahandulo, ndipo nkhungu imatseka msewu. Jekete yokhuthala ndi magolovesi n'zofunika, ngakhale kuti pofika masana woyendetsayo adzakhala akutuluka thukuta kuchigwa.

Kummwera kwa tauniyi, pa Masasa, msewu umapatuka kulowera kummawa n'kuyamba kutsika phiri kupita ku Golomoti. Uwu ndiye msewu wa Khwekhwerere, ndipo kwa woyenda panjinga yamoto palibe gawo lokoma kuposa limeneli. Makona amatsatizana, lina lisanathe lina layamba, ndipo pamalo ena dambo lonse la kunyanja limaoneka m'munsi ngati mphasa yoyala, nyanja ikunyezimira chapatali. Pofika pansi munthu amakhala atatsika mamita pafupifupi 1,000, mitengo ya paini itasanduka milambe.

Komanso palibe gawo loopsa kuposa limeneli. Anyamata ambiri a kabaza ali ndi chizolowezi chozimitsa injini n'kuika njinga pa fili potsetsereka, ati kupulumutsa mafuta. Pamtsetse waufupi wa kumudzi zimatheka, koma pa Khwekhwerere n'kuputa imfa. Injini ikazima, kulemera konse kwa njinga ndi anthu awiri kumatsamira pa mabuleki okha. Mabulekiwo akagwiridwa kwa nthawi yaitali amatentha, ndipo akatentha amasiya kuluma pomwe kona yakuthwa yafika. Woyendetsa wodziwa amatsika ndi giya yachiwiri kapena yachitatu, injini ikulira, kuti iyo yomwe izibweza liwiro, buleki n'kumangoithandizira. Mafuta opulumutsidwa pamtsetse wonsewo sakwana ngakhale mtengo wa bandeji.

Madokotala a mafupa m'zipatala zikuluzikulu za m'dziko muno akhala akudandaula kuti mabedi ambiri m'mawodi awo akudzaza ndi ovulala pangozi za njinga zamoto. Lamulo la pamsewu limafuna kuti njinga ikhale yolembetsa, ya inshuwalansi, woyendetsa akhale ndi laisensi, ndipo iye pamodzi ndi wokwera avale chipewa choteteza mutu. Paulendo wautali chonchi pali zipata za apolisi zingapo, koma chipewacho sichovalira wapolisi. Ndipo njinga idapangidwira anthu awiri. Banja la anthu anayi lofuna kukaona malowa lipeze njinga ziwiri.

Ku Mua, komwe adani adasanduka osunga

Pa Golomoti msewu umakumana ndi wa M5, wa m'mbali mwa nyanja. Kukhotera kumpoto cha ku Mtakataka, pali kamsewu kolowera kumanzere, kutsinde kwa phiri, komwe kuli mishoni ya Mua. Ansembe a chipani cha White Fathers adaikhazikitsa m'chaka cha 1902 m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, m'dera la Angoni a Kachindamoto. Nyumba yakale ya ansembe, ya njerwa zofiira ndi khonde lalitali, ikadalipo.

Wochokera ku Namzeze amafika ku Mua nkhani ya zithunzi zija ikadali m'mutu, ndipo apa ndi pomwe imapitirira. M'zaka za m'ma 1920 mishoniyi idali pamkangano waukulu ndi anthu a nyau. Ansembe ankaona gule ngati chopinga cha sukulu ndi chikhristu, pomwe akuluakulu a m'midzi ankaona sukulu ngati njira yowalanda ana. Mbali zonse zinkalimbirana anyamata omwewo, ena kuwakokera kukalasi, ena kudambwe.

Patatha zaka 50, m'chaka cha 1976, wansembe wa ku Canada, bambo Claude Boucher, yemwe Achewa adamupatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa pamishoni pomwepo malo a zachikhalidwe ndi luso otchedwa Kungoni. Adayamba ndi kuphunzitsa amisiri osema ziboliboli, ndipo kwa zaka zambiri adayenda m'midzi kulemba miyambo, nyimbo ndi matanthauzo a zilombo za gule. Zipatso za ntchitoyi zili m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, dzina lomwe anthu a ku Mua ankaitanira wansembe wina wakale, bambo Champmartin. Muli zipinda zofotokoza mbiri ya mishoni komanso moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka kumanda, ndipo m'chipinda china muli nkhope za gule wamkulu mazanamazana.

Mpingo womwe udathamangitsa gule ndiwo lero ukusunga nkhope zake mosamala. Ena mwa eni mwambo sakondwa kuona za kudambwe zili poyera, ndipo nkhawa yawo njomveka. Koma n'zoonanso kuti zilombo zina zomwe zidaleka kutuluka m'midzi zikadaiwalika pakadapanda nyumbayi. Gule wamkulu yemweyo bungwe la UNESCO lidamulengeza m'chaka cha 2005 kuti ndi chimodzi mwa zikhalidwe zamtengo wapatali za mtundu wa anthu.

Ku Mua ndi malo abwino ogona tsiku loyamba, komanso oyendera njinga. Fumbi la ku Chongoni limaumitsa tcheni, choncho ifunika kupukuta, kuthira oilo ndi kuikunga ngati yakhwepa. M'chikwama musasowe pampu, zigamba, chubu, pulagi ndi masipanala. Mafuta ndi ofunika kuthira paliponse pomwe apezeka, poti zaka zapitazi, monga 2022 ndi 2024, zidaphunzitsa aliyense kuti pampu ya pafilingi siteshoni ikhoza kuuma osatsanzika.

Manda asanu a ku Cape Maclear

Tsiku lachiwiri njira imabwerera pa Golomoti n'kulowera kummawa mumsewu wa M10, wodutsa m'chigwa cha Bwanje. Ndi msewu wathyathyathya, wotentha, wa mbuzi ndi ng'ombe zosaopa hutala. Munthu asanafike ku Monkey Bay amapatukira kumanzere, makilomita 18 okhotakhota m'mapiri a nkhalango ya Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO idaivomereza mu 1984. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, chimwala chokhala ndi mizere yonga mphini zomwe agogo ankatema kumaso. Mizereyo sadaiseme munthu, ndi ntchito ya chilengedwe, koma anthu akhala akuulemekeza kuyambira kale.

Chofika m'mudzi wa Chembe mdani wa njinga ndi mchenga. Wogwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi pamchenga amapezeka ali pansi asanadziwe chomwe chachitika. Pamafunika giya yotsika, moto wosasinthasintha ndi maso oyang'ana kutsogolo, osati patayala.

Ambiri amadziwa Cape Maclear ngati malo osambira ndi odyera chambo. Ochepa ndiwo amapita kumanda aang'ono omwe ali m'kati mwa paki, pansi pa mitengo, patsinde pa phiri. Dzina la malowa adapereka ndi David Livingstone pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa zanyenyezi wa ku Cape Town. Livingstone atamwalira mu 1873, mpingo wa Free Church of Scotland udatumiza gulu lotsogozedwa ndi E. D. Young, momwe mudalinso dokotala wachinyamata, Robert Laws. Adabwera ndi sitima ya Ilala, yomwe idaphwasulidwa pa mathithi a Shire, amtengatenga mazanamazana n'kuisenza pamutu zidutswazidutswa mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Idalowa m'nyanja mu October 1875, ndipo mishoni yoyamba ya Livingstonia idamangidwa pompano, m'dziko la mfumu Mponda.

Malowo adali okongola, doko labwino, koma malungo adali osaneneka. Panthawiyo padalibe yemwe ankadziwa kuti matendawa amafala ndi udzudzu. Mu 1877 adamwalira Dr William Black, ndipo chaka chomwecho adamwaliranso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachikuda wa mtundu wa Axhosa yemwe adachokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa pamodzi ndi William Koyi ndi anzawo ena awiri. Nkhani ya amishoni imakambidwa ngati ya azungu okhaokha, koma pamandapa pagona Mwafrika yemwe adasiya kwawo kudzaphunzitsa ana a kunyanja.

Pofika 1881 manda adali asanu, ndipo wobatizidwa adali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chomwecho Laws adasamutsira mishoni ku Bandawe, ndipo mu 1894 idakwera phiri kupita ku Khondowe, komwe kuli Livingstonia wa lero. Sinodi yonse ya kumpoto, sukulu zake ndi zipatala zake, mizu yake ili pakamanda aka komwe alendo ambiri amakadutsa atanyamula matawulo.

Mzinga wa pa Mangochi

Tsiku lachitatu ndi lofewa: tara yekhayekha kutsata gombe kudzera ku Nkopola mpaka pa boma la Mangochi. Tauniyi idayamba ngati linga la nkhondo. Harry Johnston adalimanga mu 1891 kutsidya la kummawa kwa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, pofuna kutseka njira yomwe akapolo ankaolotsedwera popita kugombe la nyanja yamchere. Mu 1897 boma lidasamukira tsidya lino, ndipo dzina la Fort Johnston lidakhalapo mpaka dziko litalandira ufulu. Kwa Mponda komweko ndi komwe ansembe a White Fathers adayesa koyamba kukhazikika mu 1889, koma adachoka mu 1891 osaphula kanthu, zaka 11 asanakayambe ku Mua.

Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ya njerwa yomwe idamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga wochokera m'sitima yankhondo ya Guendolen. Mu August 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, kaputeni Rhoades adapita ndi sitimayi ku Sphinxhafen, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda poikonza. Mbiri imati kaputeni wa Chijeremani, yemwe adali mnzake wa Rhoades wa pamowa, adali asanamve kuti kwabuka nkhondo, moti adapalasa bwato mokwiya kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Adagwidwa pomwepo ngati mkaidi wa nkhondo.

Pamalo omwewa pali chikumbutso china chosaseketsa, cha anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Vipya pa 30 July 1946, itakumana ndi namondwe kumpoto kwa nyanja pafupi ndi Chitimba. Chapafupi pali nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, momwe muli zambiri za sitima ndi usodzi wa panyanjayi.

Yemwe mafuta ndi mphamvu zamutsalira akhoza kuoloka mlatho n'kukwera phiri mumsewu wopita ku Namwera. Kumapiri amenewo ndi komwe kudali likulu la mfumu ya Chiyao, Jalasi, yemwe ankhondo ake adabweza asilikali a Johnston mu 1892 n'kuwalanda mzinga, asanagonjetsedwe mu 1895. Pamalo a mudzi wakewo atsamunda adamangapo linga la Fort Mangochi, lomwe makoma ake amiyala akadaima m'tchire pamwamba pa phiri. Kumeneko ngakhale njinga yamoto siifika. Imasungitsidwa m'mudzi wa m'munsi, ndipo mtunda wotsalawo ndi wa miyendo, ndi munthu wodziwa njira patsogolo komanso botolo la madzi m'manja.